Oyimba a Pakati pa Usiku ndi Mabala a Ana Athu

Kusinkhasinkha kwa m'nyengo ya Lenti
Tiwerenge: Ntchito za Atumwi 16:16-34 ndi Marko 5:1-20



Lenti ndi nyengo imene Mpingo umatiphunzitsa kuyang'ana mabala osatembenuza nkhope. Pa Njira ya Mtanda timaima malo 14, ndipo paliponse timaona thupi la Ambuye likunka livulala: msana wokwapulidwa, mutu wolasidwa ndi minga, maondo osupuka, manja okhomedwa misomali. Ife a kwaya tili nazo nyimbo za mabala amenewa, ndipo timaziyimba ndi mtima wonse. Koma alipo mabala ena amene alibe nyimbo. Awa ndi mabala amene mnyamata kapena mtsikana amadzivulaza yekha, chitseko cha kuchipinda chili chotseka, kenaka n'kuwaphimba ndi malaya a manja aatali, n'kubwera kudzadya nafe nsima ngati palibe kanthu. Iliponso imfa imene timaopa kuitchula dzina. Uthenga wa maliro ukafika pa WhatsApp umangoti "watisiya mwadzidzidzi". Tonse timamva tanthauzo lake, koma palibe wofunsa.

Sabata ino tikambe zimenezi poyera, pamaso pa Mulungu. Bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limati chaka chilichonse anthu oposa 700,000 amafa podzipha, ndipo pakati pa anthu a zaka 15 mpaka 29 kudzipha ndi chimodzi mwa zinthu zazikulu zimene zikutenga miyoyo. Limatinso mwa ana 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la matenda a maganizo. Tikawerenga ana a m'mabanja a kwaya yathu, a kuno ndi amene tidawasiya kumudzi, tiona kuti nkhaniyi si ya anthu akutali.

Usiku wa ku Filipi

Mu mzinda wa Filipi, Paulo ndi Silasi adawavula zovala, kuwakwapula ndi ndodo, n'kuwaponya m'chipinda cha m'katikati mwa ndende, miyendo ili m'matangadza. Pakati pa usiku anthu awiriwa, misana ili zilonda zokhazokha, ankapemphera ndi kuyimba nyimbo zotamanda Mulungu, akaidi anzawo akumvetsera. Idali kwaya ya anthu awiri, yopanda ng'oma, yopanda visekese, yopanda yunifolomu. Kenaka kudachita chivomezi, zitseko zonse zidatseguka, maunyolo adamasuka.

Woyang'anira ndende adadzidzimuka kutulo. Ataona zitseko zili zotseguka, adawerengera msanga mumtima mwake: akaidi athawa, mawa ndikaima pamaso pa akuluakulu, mlonda wothawitsa mkaidi amalipa ndi moyo wake. Pomwepo adasolola lupanga kuti adziphe.

Taonani, abale, kuti masamu a munthuyu adali olakwika. Palibe mkaidi ndi mmodzi yemwe amene adathawa. Koma iye adali mumdima, ali yekha, atangodzuka kumene, ndipo mantha adamuuza kuti zonse zatha. Umu ndi m'mene mtima wotaya chiyembekezo umawerengera. Mwana wolephera mayeso a MSCE amaona ngati moyo wake wonse walephera. Mtsikana amene chithunzi chake chamwazidwa pa Facebook amaona ngati manyaziwo sadzatha mpaka kalekale. Mnyamata amene watchova juga ndi ndalama za fizi amaona ngati bambo ake sadzamuyang'ananso kumaso. Ululu wawo ndi weniweni. Chigamulo chimene ululuwo ukuwanong'oneza ndicho chabodza, ndipo mumdima sangathe kusiyanitsa ziwirizi.

Nanga n'chiyani chidapulumutsa woyang'anira ndende uja? Paulo ndi Silasi adali maso pa ola limene iye adali m'tulo. Zitseko zitatseguka sadathawe, ngakhale adali ndi chifukwa chokwanira chothawira munthu amene adawamanga. Ndipo Paulo sadanong'one, sadaphiphiritse, sadadikire kuti kuche. Adafuula ndi mawu aakulu kumuletsa kudzipweteka, namutsimikizira kuti onse adalipo. Sadayambe ndi kumulalikira za tchimo. Ulaliki udabwera pambuyo, munthuyo atafunsa yekha njira ya chipulumutso. Choyamba chimene adamva ndi mawu a munthu mnzake omuuza kuti sali yekha.

Atatero woyang'anira ndende adaitanitsa nyale. Usiku womwewo adatsuka mabala a akaidi ake, adabatizidwa pamodzi ndi a m'banja lake, nawakonzera chakudya m'nyumba mwake. Kuchokera pa lupanga kufika pa chakudya cha chimwemwe sipadapite ndi usiku wathunthu womwe. Madokotala a matenda a maganizo amanena zofanana ndi zimenezi: nthawi imene munthu amakhala pa ngozi yeniyeni yodzipha kawirikawiri imakhala yaifupi, ndipo ambiri mwa amene apulumuka pa nthawi imeneyo amapitiriza moyo wawo. Ntchito ya amene ali pafupi ndiyo kumuolotsa usiku umenewo.

Chifukwa chiyani mwana amadzivulaza?

Kholo likaona zipsera pa mkono wa mwana wake, mtima umagunda ndipo pakamwa pamangotuluka funso limodzi: bwanji? Kawirikawiri khalidweli limayamba mwana akamasinkhuka, cha m'zaka 12 mpaka 14, pamene thupi likusintha ndipo maganizo akuwira, koma luso lofotokoza zakukhosi lisanakhwime. Ana ambiri amene amadzivulaza sakhala akufuna kufa pa nthawiyo. Amafuna kuti chimene chikuwawawa m'katimo chileke. Ena amati mtima umadzadza mpaka kusowa popumira, ndipo ululu wa pakhungu umawapatsa mpumulo wa kanthawi. Ena amati sakumvanso kanthu kalikonse, angokhala ngati chitsa, ndipo amafuna umboni wakuti akadali moyo. Enanso amadzilanga, chifukwa adakhulupirira kuti ndi oipa, kuti ndi mtolo kwa makolo, kapena kuti nkhanza zimene wina adawachita mseri ndi mlandu wawo. Mpumulowo sukhalitsa. Pambuyo pake pamabwera manyazi, manyaziwo amawonjezera ululu, ndipo mwana amabwerera komwe kuja.

Pali maenje awiri amene akuluakulu amagwamo. Loyamba ndi kunena kuti mwanayu akungofuna kuti timuone. Zoona zake n'zakuti ambiri amabisa mabala awo kwa miyezi, ena kwa zaka. Ndipo ngakhale zitakhala kuti akufunadi kuonedwa, mwana amene wafika pokhetsa magazi kuti wina amuyang'ane ayeneradi kuyang'anidwa. Dzenje lachiwiri ndi kunena kuti popeza sakufuna kufa, palibe choopsa, zidzatha zokha akakula. Ayi ndithu. Mwana amene amadzivulaza ali pa chiopsezo chachikulu chodzayesa kudzipha kuposa anzake, ndipo amene adayesapo kale ndiye ali pa chiopsezo choposa.

Marko Woyera akutiuza za munthu wa ku dera la Agerasa amene ankakhala kumanda, akufuula usana ndi usiku, akudzitema ndi miyala. Anthu a m'mudzi mwake adali ndi mankhwala amodzi okha: maunyolo. Ankamumanga, iye n'kudula, iwo n'kumumanganso. Maunyolo a masiku ano tikuwadziwa: kukalipa, chikoti, kulanda foni, kulumbiritsa mwana kuti sadzachitanso, kumuopseza kuti akapitiriza timubweza kumudzi. Zonsezi zimaphunzitsa mwana kubisa bwino, ndipo bala limasamukira pamene diso la kholo silifika. Yesu adawoloka nyanja kumufika munthu uja komwe adali, nayankhula naye. Anthu atabwera adamupeza atakhala pansi, atavala, nzeru zake zili bwino. Kenaka Ambuye adamutuma kwawo, kwa abale ake, pakuti kuchira kwa munthu kumakwanira akabwerera pakati pa anthu.

Tichenjere pano. Nkhaniyi isatipatse chilolezo chonena kuti mwana aliyense wodzivulaza ali ndi ziwanda kapena walodzedwa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 1673, amasiyanitsa ntchito yotulutsa mizimu yoipa ndi matenda, makamaka a maganizo, ndipo amaphunzitsa kuti matendawo ndi ntchito ya achipatala. Mwana wodwala malungo timamupempherera tili pa njira ya ku chipatala. Mwana wodwala nkhawa tichite naye chimodzimodzi.

Kusala kwa Lenti si kudana ndi thupi

M'nyengo ino timamva kawirikawiri mawu a kudzimana, kudzikana, kusenza mtanda, kulapa. Kwa munthu wa mtima wathanzi mawuwa ndi mankhwala. Koma mwana amene amadzida kale angathe kuwamva mokhota, ngati Mulungu akuvomereza chilango chimene iye akudzipatsa. N'chifukwa chake ndi bwino kukumbukira woyera amene tsiku lake, pa 8 Malichi, kawirikawiri limagwa m'kati mwa Lenti.

João Cidade adabadwira ku Portugal mu 1495. Adakhalapo mbusa wa nkhosa, msilikali, kenaka wogulitsa mabuku mu mzinda wa Granada ku Spain. Tsiku lina, atamva ulaliki wa wansembe Juan de Ávila, mtima wake udasweka ndi chisoni cha machimo ake kotero kuti adayamba kuthamanga m'misewu akufuula, akudzimenya, akudzigubuduza m'matope. Anthu adamugwira n'kukamutsekera ku chipatala cha mfumu, ku mbali ya odwala misala, kumene chithandizo cha masiku amenewo chidali unyolo ndi chikoti. Wansembe yemwe uja ndiye adamuwongolera, kumuonetsa kuti chikondi chake pa Mulungu chipite ku ntchito yosamala ovutika m'malo mozunza thupi lake. Atatuluka, João adatsegula nyumba ya odwala osauka, nawasenza pamsana kuchokera m'misewu, mpaka imfa yake pa 8 Malichi 1550. Ameneyu ndiye Amalawi timamudziwa ndi dzina la St John of God. Abale a chipani chake ali ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, aliponso ku Lilongwe, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi yosamala anthu odwala matenda a maganizo ndi kuphunzitsa aphungu ndi achipatala. Munthu amene adadzivulazapo, namangidwa ngati wamisala, lero ndiye nkhoswe ya zipatala ndi odwala mu Mpingo wonse.

Kusala kwachikhristu amachita munthu wodziwa kuti Mulungu amamukonda, ndipo kumamutsegula manja kwa anzake. Kudzivulaza kumachokera mu mtima wodziweruza, ndipo kumamutsekera munthu m'chipinda yekha. Mabala a chipulumutso adakwana pa Kalvare, sasowa owonjezera. Ngakhale malamulo a Mpingo ali ndi chifundo chimenechi: lamulo losala nyama limayambira pa zaka 14, losala kudya pa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera limakhudza a zaka 18 mpaka 59, ndipo odwala sawakakamiza. Mukaona mtsikana akukana chakudya masiku ndi masiku ponena kuti ndi Lenti, thupi likunka lichepa, musafulumire kuyamikira. Khalani naye pansi.

Ana athu a kuno ndi a kumudzi

Tchalitchi chathu cha Our Lady of the Rosary ku Mesaimeer, chimene chidatsegulidwa mu 2008, chilibe mtanda kapena belu kunja. Mlendo angathe kudutsa osadziwa kuti Lachisanu lililonse m'katimo anthu zikwizikwi a zinenero zosiyanasiyana akulira ndi kuyimba pamaso pa Mulungu. Ana athu ambiri ali chomwecho. Kunja kulibe chizindikiro. Akuluakulu adati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo ife a kuno tili ndi tsidya lenileni pakati pa ife ndi ana athu.

Ambiri mwa ife tidasiya ana kwa agogo, kwa azakhali, kapena ku sukulu zogonera komweko. Timawakonda, ndipo n'chifukwa chake tili kuno. Koma tamverani m'mene foni imayendera: ndalama zafika? Wakhala nambala chani? Ukudziwa m'mene tikuvutikira kuno chifukwa cha iwe? Mawu otsirizawa ndi oona, koma pa mutu wa mwana wa zaka 15 amalemera ngati thumba la chimanga. Akalephera, amaona kuti wataya thukuta la amayi ake m'chipululu. Akachitidwa nkhanza ndi wachibale amene akumusunga, amangokhala chete, poopa kusokoneza banja limene likudya ndalama za ku Qatar. Doha ndi Lilongwe zimasiyana ola limodzi lokha pa wotchi. Mtunda waukulu uli m'mafunso amene sitifunsa.

Ana amene ali nafe kuno ali ndi katundu wawo. M'miyezi yotentha, pamene kunja kumapyola madigiri 40, moyo wawo umakhala basi ya sukulu, chipinda ndi foni. Kulibe bwalo, kulibe agogo a pakhonde, kulibe azakhali oti n'kuwauza zimene sunganene kwa amayi. Ena amasekedwa chifukwa cha khungu kapena kayankhulidwe. Amadziwa kuti kukhala kwawo kuno kwatsamira pa ntchito ya kholo, ndipo akapita kumudzi amawatcha alendo. Makolo ali pa shifiti, wina usana wina usiku. Komanso kuno malaya a manja aatali ndi chovala cha tsiku ndi tsiku, motero chizindikiro chimene kwathu chikadaoneka msanga, kuno chimabisika mosavuta.

Tisaiwale anyamata ndi atsikana amene adabwera okha kudzagwira ntchito, ena a iwo akuyimba nafe tenor ndi alto. Ali ndi ngongole za ulendo, kumudzi akuwadikira ngati mvula, ndipo adakula akumva kuti mwamuna salira. Malipoti a apolisi a ku Malawi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Yesu adalira pa manda a Lazaro. Ku Getsemani adauza ophunzira ake atatu kuti mtima wake udali wolemedwa kwambiri, nawapempha kuti akhale naye maso. Ngati Mwana wa Mulungu adapempha anzake kuti amudikirire usiku, palibe mwamuna amene ayenera kuchita manyazi kupempha zomwezo.

Tichite chiyani tsono?

Tikhale maso. Woyimbitsa kwaya waluso amamva pamene mawu amodzi asowa pakati pa anthu 30. Timve choncho m'nyumba ndi m'gulu. Mwana amene ankaseka wangoti zii. Sakugona, kapena akungogona. Wasiya anzake, wasiya mpira, wasiya kubwera ku maphunziro a nyimbo. Ali ndi mabala osadziwika chiyambi chake. Akugawa zinthu zake zokondedwa. Akunena kuti ndatopa nawo moyo, kapena kuti mukadapuma ine kulibe. Mawu otere si nthabwala ayi, ngakhale atawanena akuseka. Ndipo amene adali wosweka mtima kwa nthawi yaitali akangoti phee mwadzidzidzi popanda chimene chasintha, pamenepo mpofunika kumuyandikira kwambiri.

Tifunse mosabisa, monga adafuulira Paulo. Sankhani nthawi yabata, muli awiri, mwina mukuyenda ku Corniche madzulo kapena mukutsuka mbale. Nenani zimene mwaona: "Mwana wanga, ndaona zipsera pa mkono wako. Sindikukukalipira. Ndiuze chikukuwawa." Ndipo ngati mtima ukukuuzani, funsani funso lenilenilo: "Kodi umaganizapo zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funsoli lidzala maganizo amene panalibe. Ofufuza adapeza kuti sizitero. Amene alibe maganizowo amangoyankha kuti ayi, ndipo amene ali nawo kawirikawiri amapepukidwa kuti wina watchula chimene iye amasenza yekha. Paja safunsa adadya phula.

Tikafunsa, timvere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musamudule mawu, musamuwerengere zimene mwamugulira, musamuyerekeze ndi mavuto a ubwana wanu, musafulumire kumuponyera vesi. Musamulonjeze kuti musunga chinsinsi ngati moyo wake uli pa ngozi. Muuzeni kuti mumamukonda kwambiri kotero kuti mufuna thandizo, ndipo mupita naye limodzi. Inunso achinyamata, mnzanu akakuuzani zotere n'kukulumbiritsani kuti musauze munthu, uzani wamkulu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo. Kuli bwino akukwiyireni ali moyo.

Tichotse zoopsa pafupi. Popeza ola la ngozi limakhala lalifupi, chimene chili pafupi ndi dzanja pa ola limenelo chimalamula zambiri. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala oopsa kwambiri a m'munda, imfa zodzipha zidatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 iliyonse pakati pa 1995 ndi 2015, ndipo akatswiri amawerengera kuti miyoyo pafupifupi 93,000 idapulumuka. Kuno, mankhwala a m'nyumba akhale mokhoma, kiyi ali ndi wamkulu. Kumudzi, imbirani amene akusunga ana kuti mankhwala a mbewu, a m'dimba ndi a makoswe asamakhale pawindo kapena kuseri kwa chitseko.

Tipite naye kwa odziwa. Kuno ku Qatar, imbani 16000 n'kusankha nambala 4: kumeneko a Hamad Medical Corporation amapereka uphungu wa matenda a maganizo. Chipatala cha Sidra Medicine chili ndi gawo loona ana ndi achinyamata pa matenda omwewa. Ngati mwana wadzivulaza kwambiri, wamwa kanthu, kapena akunena kuti achita lero, musamusiye yekha ndi mphindi imodzi yomwe: imbani 999 kapena thamangirani naye ku chipatala. Ku Malawi, ana ndi owasunga angaimbe mwaulere pa 116, nambala ya Tithandizane imene amayendetsa a YONECO. Kuli St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kuli Zomba Mental Hospital, ndipo pa chipatala cha boma chapafupi mungafunse woona za matenda a maganizo. Wansembe ndi dokotala sapikisana. Onse awiri ndi manja a Mulungu.

Tipangane kusanapse, monga zidachitira nkhanga. Tsiku limene mwana ali bwino, lembani naye papepala: zizindikiro zoti usiku woipa ukubwera, zimene zimamuthandiza kupepukidwa, maina a anthu atatu oti awaimbire, ndi nambala za chithandizo. Kenaka musamusiye pakatha sabata imodzi. Kuchira kumayenda ngati njira ya m'phiri, ndipo akaterereka n'kudzivulazanso sindiye kuti zonse zapita pachabe.

Pomaliza, tisamale zala zathu pa foni. Tikamva za munthu amene wadzipha, tisamwaze zithunzi, tisafotokoze njira imene watsata, tisatumize kalata yake yotsanzika. Pakati pa owerenga pangakhale mwana amene ali m'mphepete mwa phompho lomwelo.

Kwa inu amene mudaika kale maliro otere

Alipo pakati pathu amene mawu onsewa awapeza mochedwa. Mumadzifunsa usiku kuti mukadaimba foni tsiku lija, mukadapanda kubwera kuno, kodi bwenzi ali moyo? Ena mudamva kumaliro anthu akunong'onezana kuti wotereyu sangaone Mulungu. Imvani chiphunzitso cha Mpingo. Katekisimu, pa ndime 2280 mpaka 2283, amati moyo mwini wake ndi Mulungu, ife ndife osunga chabe, ndipo kudzipha kumatsutsana ndi chikondi chimene tiyenera kukhala nacho pa ife eni, pa anzathu ndi pa Mulungu. Koma amapitiriza kunena kuti matenda aakulu a maganizo, kuzunzika mtima ndi mantha oopsa zingathe kuchepetsa mlandu wa munthuyo, kuti tisataye chiyembekezo pa chipulumutso chake, kuti Mulungu ali ndi njira zodziwa iye yekha zopatsira munthu mwayi wolapa, ndiponso kuti Mpingo umawapempherera anthu otere. Malamulo a Mpingo a 1917 ankawamana mwambo wa maliro achikhristu. Malamulo a 1983, amene tikutsata lero, adachotsa chiletso chimenecho. Perekani dzina lake pa Misa. Litchuleni mokweza. Ndipo inu eni funani woti muzikamba naye, pakuti chisoni cha imfa yotere ndi cholemera kuposa mutu umodzi.

Kwa iwe mwana wathu

Mwina ukuwerenga izi pa foni ya amayi ako, mkono utaphimba. Sitikukuweruza. Mneneri Eliya, munthu wamphamvu wa Mulungu, adafika pogona pansi pa kamtengo m'chipululu n'kupempha imfa. Mulungu sadamukalipire. Adamutumira mngelo amene adamukhudza, kumupatsa chakudya ndi madzi, kumulola kugona, n'kumudyetsanso kachiwiri. Pambuyo pake adamumvetsera madandaulo ake onse, namuonetsa kuti sadatsale yekha monga ankaganizira, namupatsa Elisa woti aziyenda naye. Werenga 1 Mafumu 19. Usikuuno idya, gona, ndipo uza munthu mmodzi. Ngati woyambayo sakumvetsa, uza wachiwiri. Ambuye adauka kwa akufa zipsera zili m'manja, ndipo sadachite nazo manyazi pamaso pa Tomasi. Zipsera zako sizidzamuthamangitsa.

Chochita sabata ino

Aliyense wa ife aimbire foni mwana mmodzi kapena wachinyamata mmodzi, osatchula ndalama, osatchula mayeso. Mufunseni za mtima wake, ndipo musale kuyankhula kuti iye ayankhule. Kumeneko kukhale kusala kwathu. Sungani m'foni manambala aja. Ndipo pa maphunziro a nyimbo, tisanatsegule mabuku, tiyang'ane amene sadabwere, tisankhe womuyendera.

Tipemphere.

Ambuye Yesu, inu amene mudatuluka thukuta la magazi ku Getsemani anzanu ali m'tulo, yang'anani ana athu amene akulimbana ndi usiku ali okha, kuno ku Doha ndi kwathu ku Malawi. Gwirani dzanja limene lasolola lupanga. Tidzutseni ife makolo, aphunzitsi ndi oyimba, kuti tikhale maso pa ola loyenera. Tipatseni mtima wosathawa zitseko zikatseguka, ndi mawu omveka otchula zimene timaopa. Dalitsani madokotala, anamwino ndi aphungu. Landirani mwa chifundo chanu abale athu amene adafa podzipha, ndipo pukutani misozi ya amene adatsala. Mutifikitse tonse, popanda wosowapo, ku kuwala kwa Pasaka. Amen.

Amayi Maria, Mfumukazi ya Kolona, mutipempherere. St John of God, mutipempherere.